Ndikanjenjemera pa Mbaula Akuti ndi Mzimu

Aphungu,

Ndatopa, ndiye ndati ndikuuzeni inu amene simundidziwa nkhope. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakazinga zitumbuwa m'mbali mwa msewu kuno ku Chaisa. Chitsekereni fakitale imene ankagwirako amuna anga a Wilbroad, tonse tikudya za m'chiwaya changa.

Kugulu lathu la mapemphero, mtsogoleri wathu a Philomena anati ndizisala kudya, ngakhale madzi osalawa, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kufikira bambo atapeza ntchito. Ndinavomera. Koma dzuwa likafika pamutu manja amanjenjemera, thukuta lozizira limatuluka, mtima umagunda ngati ndathamanga, m'maso mumachita mdima. Nditawauza a Philomena anati, "Ni Mzimu uja wayamba kusebenza, ba sisita. Mukadya manje, ninshi mwavalila bamuna banu mwayi." Akuti Mzimu wayamba kugwira ntchito, ndikadya ndiye kuti ndawatsekera bambo mwayi.

Sabata yatha ndinagwa. Ndinatsitsimuka ndili pansi, chiwaya chitapendekeka, mafuta atatayikira pafupi penipeni ndi Rhoda, mwana wanga woyamwa, amene ndinali nditangomutsitsa kumbuyo. Mayi wogulitsa tomato anandimwetsa zigolo, madzi a shuga aja, mphamvu n'kubwerera. Mawa lake kuchipatala anandiyeza, akuti matenda a shuga ndilibe. Nanga n'chiyani? Ndikuopa kuti ndikadya, ntchito n'kusapezeka, mlandu udzakhala wanga.

F.N., Chaisa, Lusaka

Mayi F.N.,

Idyani. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mwina mukuwerenga muli pa mbaula, m'mimba muli pululu.

Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi kutsika kwa shuga m'magazi, ndipo zimagwera ngakhale munthu wopanda matenda a shuga. Mukuyamwitsa, mukugwira ntchito pamoto ndi padzuwa, osadya, osamwa. Thupi litenga kuti mphamvu? Za Mzimu sindikangana ndi a Philomena, koma chimene chimatha ndi kapu ya zigolo ndi njala ya thupi basi.

Musanayatse mbaula ikani kanthu m'mimba: phala, mbatata yotsala dzulo, kapena chitumbuwa chanu chomwecho, musamachione ngati katundu wa eni. Mangani mtedza pansonga ya chitenje muzitafuna masana. Mukamva manja ayamba, khalani pansi kutali ndi moto, imwani zigolo, kenaka mudye chakudya chenicheni, poti shuga yekha sakhalitsa. Anzanu apamsewupo muwauze kuti mukakomoka asakuthireni kanthu m'kamwa, angokugonekani chammbali n'kuthamanga nanu kuchipatala.

Bwererani kuchipatalako mukanene zonse, za kusala ndi za kugwa zomwe. Mwina anakuyezani mutadya kale, n'chifukwa chake sanaone kanthu. Akaonenso malungo, kuchepa kwa magazi ndi pathupi. Zikapitirira mukudya bwino, musazengereze.

A Wilbroad muwauze maso ndi maso pamene mafuta aja anagwera. Ndikukayika ngati akudziwa. Mafakitale atsekedwa Lusaka yense, mayi, ndipo palibe imene inatsekedwa ndi kadzutsa wanu. Kupemphera pitirizani, munthu wokhuta naye amamveka.

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma chanuchi chaimba kale. Mukaumirira kusala, tsiku limenelo mbaula isayake. Ntchito ya bambo ingachedwe chaka n'kudzapezeka, koma nkhope ya Rhoda ikapsa ndi mafuta adzakula nayo choncho.