Chitsulo Chili Padenga la Khola la Nkhuku

Mng'ono wanga wokondedwa,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Kodi bondo lija lakusiya? Nanga alamu ali bwanji ndi chifuwa chawo chija? Ine kuno ndiliko bwino. Diso limene madokotala anakonza layamba kuona, moti dzulo ndadzionera ndekha kuti imvi zandithera mutu. Akundilembera ndi apongozi anga, mkazi wa mwana wathu wachisamba, ndipo ndawauza kuti alembe monga ndikulankhulira, asakometsere.

Galimoto yanga yakale ija, imene nkhuku zinkaikiramo mazira kuseri kwa nyumba kwathuko, sungaizindikire. Mwana wathuyu waiukitsa kwa akufa. Akaweruka kuntchito sakhala n'komwe pansi, amangovula jekete n'kukwawira kunsi kwake. Waipaka utoto wobiriwira womwe uja inali nawo masiku amayi ake ali moyo. Italira koyamba, ndinatembenukira kukhoma kuti adzukulu asandione m'maso. Anthu a mumsewu muno akandiona amalozerana, akuti bambo a mwini galimoto aja ndi awo.

Koma mtima wanga suli m'malo. Mwanayu wagula mapaipi atsopano a ekizozi, aja otulutsa utsi kuchokera pa injini penipeni. Ndi anayi, opindikapindika ngati matumbo, owala moti ungametere ndevu pamenepo. Anachita kuitanitsa pafoni kuchokera kutali, akuti injini izipuma bwino. Mapaipiwo atafika, anakana kulowa. Wowotcherera zitsulo wa pakona atawaona anapukusa mutu, nati amenewa anapangira galimoto za chiwongolero cha mbali inayo. Paipi imodzi ikudutsa pomwe pali ndodo yachitsulo yochokera ku chiwongolero kupita kumatayala.

Mwana wako ukumudziwa, kuuma mutu anatengera iwe. Anatenga hamala n'kuimenya paipiyo mpaka inalowa m'kati kuti ndodo ipeze njira, mabawuti ena n'kuwamanga mokakamiza. Lamulungu anatitenga kukaiyesa. Injini isanatenthe zonse zinali bwino. Itatentha, tikukhota pamsika, ndinamva kuti khwee kunsi kwa mapazi ake, ndipo ndinaona manja ake akulimbana ndi chiwongolero. Tinatsala pang'ono kukwera tebulo la mayi wogulitsa tomato. Iye anangoseka, akuti zitsulo zatsopano zimayamba zakangana kenako n'kuzolowerana, ngati anthu apabanja. Apongozi sanaseke. Ngakhale pano ndikunena izi, cholembera chawo chayamba chaima.

Sukulu ikatsekera akufuna kutibweretsa kwathuko pa galimoto yomweyo, ine, apongozi, ndi adzukulu onse kumbuyo. Iwe ukukudziwa kutsetsereka kwa pamlatho kuja, kumene msewu umakhota mwadzidzidzi.

Ndamulankhula mofatsa, poti ndi bambo wa pakhomo pake ndipo sindifuna kumuvula ulemu pamaso pa mkazi wake. Anandiyankha moseka kuti chitsulo chakale chimene chinali pamalo pa mapaipiwo chikanakhalapo akanachibwezerapo lero lomwe, koma ogula zitsulo zakutha anachitola kalekale. Ndinamufunsanso, apongozi akumva, ngati akunenetsa. Iye anachita kulumbira kuti akanachibwezerapodi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Chitsulo chimenecho sichinapite ndi ogula. Ndi chija chadzimbiri, cholemera, cha makamwa anayi, chimene anamasula n'kutaya kumpanda tsiku ankadzakoka galimoto, iwe n'kuchitola kukatsindira malata a khola la nkhuku. Chitsitse. Usakwere wekha ndi bondo lakolo, ndipo wokwerayo asachiponye pansi, chitsulo chotere chimasweka ngati mbale. Usavutike n'kuchikwecha kuti chiwale, zowala tazionera kuno. Uchikulunge m'thumba, umupatse dalaivala wa lole ya matabwa uja, pakhomo pano amapadziwa. Chifike sukulu isanatsekere.

Chikapanda kufika, ndidzanena kuti diso layambiranso ndipo sindingayende, adzukulu atsale azindiyang'anira. Koma bodza ndi imvi izi sindikulifuna, mng'ono wanga.

Undiperekere moni kwa alamu, kwa achemwali athu ndi ana awo onse, ndi kwa azakhali ngati makutu akuwalolabe kumva. Apongozi akuti moni, akutinso chonde fulumirani.

Pamalatapo utsindirepo mwala waukulu, mphepo ingakulande denga chifukwa cha ine.

Ndine mkulu wako,
Bambo a mwini galimoto