Ophunzira Makumi Anayi Amene Kompyuta Sinawaone

Pa 9 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma nkhani imene ndili nayoyi yandikanika kuinena pa foni, ndiye ndati bola ndilembe, muzikalipa ndili kutali.

Pa mwambo wolandira madigiri chaka chino ine sindikhalapo. Khalani pansi kaye, musang'ambe kalatayi.

Paja mukudziwa kuti kafukufuku wanga ndi wa maphunziro a pa intaneti. Kuno ku yunivesite aphunzitsi amajambula phunziro pa vidiyo n'kuliika pa tsamba la sukulu, ndipo kompyuta imalemba dzina la aliyense amene walitsegula. Ine ndinatsata kalasi imodzi yaikulu. Ophunzira makumi anayi m'kalasimo sanatseguleko ngakhale vidiyo imodzi teremu yonse. Ndinasangalala bwanji! Ndinalemba masamba ambirimbiri kuti ana a masiku ano ndi aulesi, ndipo akuluakulu a dipatimenti atamva, anayamba kukambirana zowaletsa kulemba mayeso.

Choipa changa nachi. Nditayang'ana malikisi awo, ndinapeza kuti ambiri amakhoza bwino, ena kuposa otsegula mavidiyo aja. Zimenezi zinkandiwonongera mfundo, ndiye tsamba la malikisilo ndinangolichotsa mwakachetechete. Inde, ine mng'ono wanu yemwe mumamunyadira paguluyu.

Wondiyang'anira pa kafukufukuyu ndi pulofesa wachikulire, mayi amene timawatcha a Wawafunsa, chifukwa funso lawo ndi lomwelo chaka ndi chaka. Amataipa ndi zala ziwiri ngati nkhuku ikutola chimanga, komatu ndiwo anayamba kujambula maphunziro pasukulu pano, foni atayitsamiritsa pa mulu wa mabuku. Anawerenga ntchito yanga yonse, kenaka anandiitana mu ofesi mwawo.

"Malikisi a anthu makumi anayiwa ali kuti?"

"Sanali ofunika kwenikweni, mayi."

Anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa.

"Mwana wanga, kompyuta yakuuza kuti sanatsegule. Yakuuzanso kuti sanaphunzire? Wawafunsa?"

Iwo anatenga ndodo yawo, nati tiye. Achimwene, mayi amene bondo limawavutawa anakwera masitepe mpaka nsanja yachinayi ya nyumba yogona atsikana, masana dzuwa likuswa mtengo, ine ndili pambuyo ngati mwana wolakwa. M'chipinda china tinapeza atsikana asanu ndi atatu atapanikizana pa mabedi awiri, makope ali pamiyendo. Pakati pawo panali foni imodzi, atayiika m'kapu kuti mawu azimveka kwambiri, ndipo mawuwo anali a pulofesa omwewa. Kani kumeneko netiweki siifika! Mmodzi amapita ku laibulale kukakopera phunzirolo pa foni yake, n'kumagawira anzake foni ndi foni. Kompyuta imawerenga mmodzi yekhayo basi.

Mtsikana wina anati, "Mayi, phunziro lachisanu lija ndalimvera kambirimbiri, pochapa ndi pophika pomwe. Ngakhale pamene munatsokomola ndimapadziwa."

Pulofesa anaseka mpaka misozi. Anakhala pa bedi pomwepo, natulutsa kope lawo n'kuyamba kufunsa ndi kulemba ngati ophunzira ndiwo, maola awiri athunthu. Ine manyazi anandigwira zedi. Anthu amene ndinawatcha aulesi aja anali atayesetsa kutiposa tonsefe.

Tikutsika masitepe anandiuza mosapita m'mbali. "Kubisa zimene wapeza ndi mlandu woti angakuchotse nawo sukulu. Sindingakubisire. Koma ku komiti yoweruza milandu ya ophunzira tipita limodzi, ndipo uyambe ndiwe kulankhula."

Ku komitiko ndinaulula zonse. Bambo wina wa m'komitimo ankafuna kuti ndinyamule katundu tsiku lomwelo. Pulofesa anaimirira n'kunena kuti wophunzira amene walawa manyazi ngati amenewa sadzabisanso nambala moyo wake wonse, ndipo kumutaya panopa n'kuluza. Anagamula kuti ndiyambirenso kafukufuku, chaka china chathunthu. Makumi anayi aja alemba mayeso onse.

Chimene chandiliza ndi chimene ndamva dzulo kwa mlembi wa dipatimenti. Pulofesawa amayenera kupuma pa ntchito mu Disembala akubwerayu, ndipo ana awo anali atawakonzera kale chipinda. Koma palibe mphunzitsi wina amene anavomera kundiyang'anira, ndiye iwo analemba kalata yopempha kuti agwirenso chaka chimodzi, ndi bondo lawo lomwelo. Nditapita kukathokoza, sanafune n'komwe kumva. Anangokankhira mpando kwa ine n'kuti, "Taleka zimenezo, tsegula kope tiyambe." Munthu wotere sindinamuonepo, ndipo ndimawakonda ngati mayi wondibereka.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Nkhaniyi kwa amayi mukaifotokoze ndinu, ine mtima sukundilola. Ndikudziwa kuti mudzafuna kunditchinjiriza monga mwa nthawi zonse, koma chonde musakawauze kuti sukulu ndiyo yachedwetsa zinthu. Mukawawerengere kalatayi yonse, osadumpha mzere ngakhale umodzi.

Ndine mng'ono wanu wamakani uja, amene tsopano wayamba kumva.