Ndodo yanu ndapita nayo ku Limbe

Bambo a Sumayya,

Musavutike kufunafuna ndodo yanu yopitira kumzikiti, ndapita nayo ku Limbe. Pepani, ndaichekanso pang'ono ndi mpeni. Muli kumunda, wogulitsa galimoto zamagetsi uja waimba foni kuti zatsala ziwiri zokha, yoyera ndi yofiira, ndipo anthu akuzilimbirana.

Ndikudziwa kuti mtima wanu uli pa yoyera, koma galimoto zing'onozing'ono zimenezi, zija amati masaluni, ndi zazifupi ngati abakha. Ndiye ndinathamangira pamsewu wa ku Chiwalo, paja mathiraki a nandolo anakumba mbali zonse n'kusiya chitunda pakati, ndipo ndayeza chitundacho ndi ndodo yanu. Galimoto imene mimba yake ikapitirire pomwe ndachekapo ndiyo ndibwere nayo, kaya yoyera kaya yofiira.

Chotsani mpunga uli pakhonde, a Laston amagetsi akubwera kudzaika soketi yotchajira.

Aja ankati mayi wogulitsa mpunga malire ake ndi njinga, auzeni aime pamsewu madzulo ano. Atsegule maso ndithu, chifukwa siimveka ikamabwera. Mpando wakutsogolo ndi wanu, bambo, koma chiwongolero ndi changa.

Ndine wanu,
Katija