Ufa wa Collen pa Masitepe a Mzukwa

Woolwich, London
19 Novembala 2001

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwendo uja wasiya kutupa. Ine thupi lili bwino, mtima ayi. Mwamuna wanga, Collen wanu, ali m'manja mwa apolisi kuyambira Lachinayi.

Paja tonse awiri timakolopa m'chinyumba chija cha mabwana amakedzana, chimene anthu amalipira kuti achione. Eni ake amanyadira mzukwa wawo. Amati mayi wina wovala zotuwa amatsika masitepe kufunafuna mwana wake amene anamira m'dziwe lakuseri zaka mazana atatu zapitazo. Amagulitsa ndi makapu omwe okhala ndi chithunzi chake. Ine ndakolopa masitepewo miyezi khumi, ndaonapo fumbi lokha.

Collen nkhaniyi inamusowetsa mtendere. Ankati munthu akulira zaka zonsezi, abale ake m'malo momupepesa akudulitsa matikiti. Lachinayi m'mawa anatapa ufa wathu wophikira, nakathira kamulu pansi pa masitepe monga ankachitira agogo ku famu, n'kumuuza mayiyo kuti apumule.

Amayi, kuno masiku ano ufa woyera uliwonse ndi poizoni wa zigawenga. Abwana atauona anaimba foni. Kunabwera amuna ovala ngati akupita kumwezi, nyumba yonse n'kuitseka. Collen anadziulula yekha, poganiza kuti akafotokoza aseka. Sanaseke. Ufawo ataupima anapeza kuti ndi chimanga, koma atapima pasipoti yake anapeza kuti viza inatha mu Juni.

Loya akuti mlandu woopseza anthu ukathetsedwa, za viza zija angathe kumumenyera nkhondo. Akufuna kalata ya munthu wamkulu yotsimikiza kuti kuthira ufa ndi mwambo wathu. Ndikudziwa amalume a Fidelis ndi mkulu wa mpingo, ndipo amakana kuti kwathu kunathiridwapo nsembe. Agwadireni, Amayi. Alembe m'Chingerezi, asayine, mutumize pa nambala ya fakisi ili kuseri kwa pepalali Lolemba lisanafike. Kalatayi ndapatsira Vimbai, mnzanga amene akukwera ndege mawa. Akakana amalume, yalani mphasa, mwana wanu akubwera ndi zovala zam'thupi zokha.

Lero ndinabwerera kuntchito. Abwana akuti alendo achuluka chimvereni nkhaniyi. Mayi wa zotuwa uja wakhala m'nyumbamo zaka mazana atatu, palibe anamufunsapo pepala.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Kudzanai ndi alamu anga. Amalume moni wawo muwapatse atasayina.

Ndine mpongozi wanu,
Ellen