Misomali ya ku Mtakataka

Lolemba, 15 Okutobala 2018

Tchuthi cha anakubala. Sukulu yotseka, dzuwa lotsegula. Golomoti yense ngati chiwaya cha tchipisi.

M'mamawa gulu langa la othamanga pamsewu monga mwa masiku onse. Iwo wapansi, ine panjinga, wezulo kukamwa. Mphunzitsi wa jogalafe, dipuloma m'sutikesi, bondo lovunda, koma dzina ndiye lakuti kochi. Dziko ili.

Fainess wasiyanso amuna onse m'mbuyo. Oscar wafika akupuma ngati mvukuto, ati anaponda minga. Minga yakeyo imamudikira tsiku lililonse pamalo amodzimodzi.

Tikamaliza, pansi pa mlambe, zopindapinda za a Naomi, anamwino athu. Anakazitenga ku Lilongwe, ati dzina lake yoga. Timikeka ta labala, mutu pansi, mbuyo kumwamba, "pumani mozama." Amayi opita kumjigo amaima n'kumaonerera ulere. Wina analengeza kale kumsika kuti tatsegula mpingo.

Ulendo wa ku Mzuzu Lachinayi. Mpikisano Loweruka m'mawa. Kalabu ina ya m'tauni idzatengako akazi awiri: pogona, chakudya, ndi kochi weniweni, osati wa panjinga. Fainess zaka zake zapita ndithu. Chaka chamawa adzamuuza kuti wakula. Ndi pano kapena basi.

Galimoto ndi minibasi ya Pius, mlamu wake wa Fainess. Kumbuyo kwake analembako USANDIFULUMIZE. Ndipo imamvera.

Lachiwiri, 16

A Ezekiele, bambo ake a Pius, apongozi ake a Fainess, awagoneka m'chipatala ku Mua. Chifuwa. Ndapalasa kukawazonda nditaweruka.

Atha thupi. Pakamwa pokha ndi pomwe sipanadwale. "Aphunzitsi, mupite naye mpongozi wangayo. Akakapambana mudzandiuze mokweza, khutu ili linafa kale."

Popanda mdala ameneyu Fainess sakanathamanga ngakhale tsiku limodzi. Mwamuna wake Noel, ali ku Joni, anandikalipira pafoni mwezi watha: "Ine sindinakwatire mbawala." A Katerina, apongozi ake aakazi, nyimbo yawo ndi imodzi: mkazi wapabanja, ntchafu pamtunda, kuthamanga popanda chomuthamangitsa. Mdala yekha ndi amene amatulutsa mpando m'mbali mwa msewu n'kumawomba m'manja tikamadutsa. Anaidula nkhaniyo yekha: "Pakhomo pano tambala ndidakali ine."

A Katerina anali pambali pa bedi. Moni wanga anaulandira ngati alandira mbuzi yomwe yalowa m'dimba.

Madzulo kulongedza. Matiresi awiri, mapoto, thumba la mpunga wa ku Bwanje, timikeka ta a Naomi. Pius kumanga chitseko ndi waya. Akuti tikafika. Sananene tsiku lake.

Lachitatu, 17

A Ezekiele atisiya masana.

Katundu anali kale m'galimoto.

Lachinayi, 18

Nthawi ino tikanakhala tikudutsa Nkhotakota, Oscar akupempha kuti tiime akataye madzi. M'malo mwake kutsitsa matiresi. Mpunga wathu wapita kukhitchini ya maliro. Zoyenera.

Masamba aikidwa kale panjira yolowera m'mudzi. Wanjinga atsike, wachipewa avule, aliyense ayende pang'onopang'ono.

Mwambo woika Loweruka. Akudikira Noel, ali m'basi kuchokera ku Joni. Loweruka! Masiku onse a m'sabata anatha? Thupi likhala kaye kuchipatala mpaka mawa, kutenthaku.

Ndachita chinthu chochititsa manyazi. Ndamukokera Pius pambali, munthu maso ali psuu, n'kumufunsa ngati wina angayendetse galimoto. Anandiyankha: "Aphunzitsi, nanga nkhuni? Nanga kuchigayo? Nanga bambo abwera pa chiyani?" Ndinapepesa. Ngakhale akanandipatsa makiyi, ndikanatani nawo? Mitsinje yonse ya kumpoto ndimaitchula pamtima, koma chiwongolero sindinachigwirepo.

Gulu lamwazika. Oscar akuwaza nkhuni, minga sakuponda. Fainess kumjigo, kukhitchini, kumjigo. Duku, chitenje, ndowa pamutu. Mkazi wokhala kwa mwamuna pamaliro a apongozi ake sakhala pansi, nanji kukwera galimoto. Tinakumana maso kamodzi. Anayang'ana pansi, madzi anatayikira paphewa.

Usiku wathawu ndinakonza mawu oti ndikalankhule ndi akuluakulu a banja. Mawu okoma, a ku koleji. Kwacha, onse asanduka zopusa. Ukayamba bwanji? Pepani ndi zovutazi, komanso tibwerekeniko mpongozi wanu akathamange?

A Naomi anandipeza nditakhala pachitsa. "Kochi, pumani mozama." Pang'onong'ono ndiwagende ndi wezulo.

Lachisanu, 19

M'mawa kukatenga thupi ku Mua. Mipando ya minibasi yachotsedwa. Pansi chitsulo chokhachokha, chadzimbiri, chotentha. Tinangoima n'kumayang'anana. A Naomi anamasula timikeka tawo n'kuyala tonse.

Ndiye a Ezekiele abwerera kwawo atagona pa yoga. Ankatiseka pansi pa mlambe paja: "Ndikadzakalamba ndidzayesako." Ndinafuna kuseka, m'malo mwake kunatuluka zina.

Galimoto pang'onopang'ono, amayi akuimba kumbuyo. Kwa nthawi yoyamba dzina lake lija la USANDIFULUMIZE linaikhala.

Bokosi akukhoma a Jonasi, kalipentala, pansi pa mango kuseri kwa nyumba.

Dzuwa lili paliwombo Fainess anaitanidwa m'nyumba ya amayi. Posachedwa anatuluka, jumbo yakuda m'manja. Kumbuyo kwake mawu a a Katerina, osasa ndi kulira koma akuthwa ngati kale: "Misomali yatha. Pita ku Mtakataka, ya pa Golomoti pano ndi yopindika. Suja umati umadziwa kuthamanga? Lero kathamangire chinthu chaphindu."

Amayi panja kung'ung'udza. Nkhanza zotani izi, dzuwa limeneli, mtunda wonsewo, anyamata a njinga ali mbwee? Ine magazi anawira. Mdala sanalowe n'komwe m'manda, mwana ayamba kale kumunyoza pagulu. Ndinaimirira. Kenako ndinakhalanso pansi. Ndilo gawo langa sabata ino: kuimirira n'kukhalanso pansi.

Fainess anagwada, anadzuka, anayamba kuyenda. Mutu pansi, phazi ndi phazi, mwaulemu wake wonse, mpaka anadutsa tsamba lomaliza panjira. Pamenepo anakwinya chitenje, anapanira jumbo kukhwapa.

Mayo ine. Sindinamuonepo akuthamanga chotero. Wopanda nsapato, fumbi lokhalokha. Ndipo woonerera ndine ndekha ndi mbuzi ziwiri.

Madzulo, tsiku lomwelo

Sanabwere.

Koma hamala ikumveka kuseri, go, go, go. Ndinapita. Bokosi latsala pang'ono kutha. Ndinafunsa a Jonasi kuti misomali aipeza kuti. Anandionetsa chitini chodzaza mpaka pakamwa. "Yatha? Wakuuzani ndani? Ine sindinatume munthu."

Ndinathamangira, kunena kwake titero, pomwe tinaunjika katundu wa ulendo. Nsapato za Fainess palibe. Malaya ake a mpikisano palibe.

A Naomi nkhope ili phee ngati ali pa kamkeka kawo. Nditawapanikiza: "A Katerina anandiitana dzulo. Amafunsa kuti ku Mzuzu n'kutali bwanji, nanga magalimoto opita kumpoto amaima pati. Ndinati pa Mtakataka, poti pa Golomoti pano maso ndi ambiri. Anandituma nsapato, ndinawapatsa. China anamanga okha pansonga ya chitenje cha mwanayo. Ine ndinangoyankha mafunso, kochi."

Ndakhala zaka ziwiri ndikuwalambalala mayi amenewa ngati chitsime chopanda chivundikiro. Dipuloma yanga inalephera kupeza mawu. Iwo anapeza misomali.

Mantha tsopano. Dzuwa lija. Wapeza galimoto? Ya ndani? Foni yake yatsala pawindo la khitchini, ndaiona ndi maso angawa. Mzuzu sanapondeko chibadwire. Munthu wagona masiku awiri pamkeka wa maliro, watunga madzi a mudzi wonse, ndipo lero wawotcha miyendo pa tala. Buku lililonse limati mpikisano ukayandikira wothamanga apume. Mabuku.

Loweruka, 20

Noel wafika m'mawa. Jekete yachikopa, kutentha konseku. Analira bambo ake moona mtima, ndinamumvera chisoni. Atapukuta maso, funso loyamba: mkazi wanga ali kuti?

Aliyense anapeza chochita ndi zala zake.

A Katerina anatuluka okha pakhomo, atagwirira mphuthu. "Ndamutuma ndine."

Noel anafunsa kuti kuti.

"Kumene bambo ako anati apite. Ngati uli ndi mawu, ali m'bokosimo, kawauze."

Noel anatembenuka. Anauza Pius, mokweza kuti ndimve ine: "Akabwera adzapeza katundu wake panja." Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kubondo lovundali. Ndinene chiyani? Kuti sindinadziwe? N'zoona, ndipo n'zochititsa manyazi kuposa bodza.

Ndiye pali ziwiri. Akatengedwa ndi kalabu ija, ali ndi kolowera. Akalephera, kapena ngati sanafike n'komwe, wataya banja chifukwa cha wezulo yanga. Mayi aja amutchinjiriza lero, nanga mawa anthu akabalalika?

Ndabisala m'minibasi. Mipando kulibe, ndakhala pa timikeka. Timikekato tikununkhabe mankhwala a kuchipatala. Dzuwa lakwera, ku Mzuzu anayamba kalekale, mwina amaliza. Kochi ali pano, akulemba.

Kwaya yayamba. Akunyamula bokosi. Ndiyenera kutsika.

Foni ikunjenjemera m'thumba. Nambala yachilendo. Kapena ndi Fainess, pa foni yobwereka?

Yaduka.

Yayambanso. Pano sindingayankhe, anthu onsewa, bokosi lili pamapewa. Mpaka ndikadutse masamba, ndipo poyenda, osathamanga. Kumanda n'kufupi, adzukulu sachedwa. Mdala anati ndidzamuuze mokweza, ndipo akamutsitsa ndisanabwere

Bondo iwe, lero lokha