Mipando ya Rabecca

Lamulungu, 11 Januwale 1959

Mvula osaleka. Denga likudonthera pamphasa ya mwana wanga Rozi. M'nkhokwe mulibe kanthu, ndi makoswe omwe anasamuka osatsazika. Chimanga kumunda chikadali cholekeza m'mawondo. Mwamuna wanga Gerson ku Halale chaka chachitatu tsopano, ndi kalata yomwe ayi.

Kutchalitchi alengeza kuti komiti yothandiza osauka igawa chimanga ndi mkaka wa ufa. Koma poyamba a Bizwell Jere, a Welofeya a ku Fort Jameson, ayenda khomo ndi khomo kuno ku Madzimoyo kuona amene akuvutikadi. Dzina ndapereka mwakabisira, apongozi anga atatanganidwa ndi kupereka moni kwa abusa.

Lachiwiri, 13 Januwale

Apongozi amva. Moto. "Ine mkazi wa malemu aphunzitsi, ndidye chimanga cha boma la Chitaganya?" Ndati mimba ya mwana sidziwa ndale. Chamumtima, ndithu. Pakamwa ndangoti, "Inde amayi."

Dzulo mango owiritsa, lero mango owiritsa. Rozi mapazi atupa. Ndikadina ndi chala, kadzenje kamatsalira. Tsitsi layamba kufiira. Ndikuopa.

Lachinayi, 15 Januwale

Ndikulemba ndikuseka, chifukwa ndikapanda kuseka ndiluma munthu.

M'mawa ndinapita kukapalira. Pobwera, nyumba yanga osaizindikira. Mipando, tebulo, nsalu yoluka pamwamba pake, makapu a maluwa, mpaka wotchi yosayenda. Zonse za Rabecca, mnansi wathu, mkazi wa kalaliki wa ku Boma. Ufa wobwereka komweko. Ndipo thadzi langa loikira, lomaliza, lili mumphika miyendo m'mwamba.

"Mlendo wa ku Boma sakhala pansi m'nyumba mwanga," anatero apongozi. Rozi anali atamuveka masokosi a malemu, ofika m'ntchafu, kuti mapazi asaoneke.

A Jere anafika panjinga, thalauza atalimanga ndi tizitsulo m'akakolo. Anasambitsidwa m'manja, anapatsidwa nthutumba monga mwa ulemu wake. Atafunsa mmene tikukhalira, apongozi anati, "Tili bwino kwambiri, Mulungu akutisunga." Ine nditagwada pakhomo. Mtengwa sadula apongozi ake pakamwa mlendo alipo, ndiye ndinangotsokomola, kutsokomola, mpaka a Jere anati, "Amayi, kamweni madzi."

Potsazika akupukuta mafuta kukamwa: "Nyumba zonse zikanakhala ngati ino, ntchito yanga ikanatha." Apongozi anamwetulira mpaka dzuwa kulowa.

Rozi wadya khosi ndi zipalapasiro. Zokhazo ndiye ndathokoza.

Lamulungu, 18 Januwale

Mayina atchulidwa kutchalitchi. Lathu mulibe. La Rabecca lilimo!

Zinayenda chonchi: a Jere atachoka kwathu analowa kwa Rabecca. Anampeza atakhala pansi m'nyumba yopanda mpando, yopanda tebulo, madzi akumwa anawapatsira m'chikho. Akuti anapukusa mutu ndi chisoni, nati akalaliki amalandira zochepa ndithu.

Dzina litamveka, mpingo wonse makosi kutembenuka. Rabecca ali ndi duku latsopano ndi nsapato zazidendene, kulakalaka nthaka itamumeza. Ine ndinaluma nsonga ya nsalu, misozi mbwee, amayi a pafupi nkumandisisita pamsana poyesa ndikulira.

Mwinanso ndimalira. Manyazi anapha lambe, kwathu kuno ayamba ndi thadzi.

Lolemba, 19 Januwale

Rabecca anatumiza mawu kuti akufuna katundu wake. Ndinayankha kuti mipando yazolowera kuno, ikukana kuyenda. Anabwera yekha akupuma befu: "Mainess, ndiwe Mkhristu iwe?" Ndinati, "Kwambiri, mnzanga. Khala tikambirane, mipando ilipo."

Sanaseke. Amuna ake akuti kuofesi anzawo akuwasungira makoko a buledi, ati apititse kwa ana. Chimangacho sakuchifuna n'komwe, koma sichibwera mpaka mwezi uthe, ndiye nthawi yokonza zinthu ilipo, ndipo dzina langa lokha likapanda kulowa, mkaka wa Rozi palibe. Tagwirizana: iye ndi amuna ake akauze a Jere zoona zake kuti abwerenso. Mipando ikabwerera tsiku lomwelo, osati lisanafike. Wandisiyira kambale ka ufa, akutukwana.

Apongozi akhala pampando waukuluwo tsiku lonse ngati akwatiwa nawo.

Lachisanu, 23 Januwale

A Jere abweranso Lachiwiri. Akuti atamva nkhaniyi anagwira pamimba. Akumbuke thadzi langa.

Ulendo uno nyumba ndikonza ndine. Ngati apongozi anatha kuveka umphawi suti, ine ndiuvula mpaka wa mkati. Chilichonse chooneka bwino ndikabisa kwa Rabecca. Apongozi sakundiyankhula, akumauza khoma zoti ndimve: "Ana a masiku ano amayanika zamkati pamsewu."

Rozi akungogona. Wasiya kulira. Bola akanamalira.

Lachiwiri, 27 Januwale

Katundu wa Rabecca ndabweza m'mawa, wotchi yosayenda ndi zonse. Kenaka ndinatenga dengu kuti ndisonkhanitse zokabisa. Ndinazungulira pabalaza. Ndinalowa kuchipinda. Mphasa ziwiri, mphika, khasu, bulangete lobooka, Baibulo la malemu. Ndinazunguliranso, mwina ndaphonya kanthu. Dengu lopanda kalikonse m'manja.

Sabata yonse ndimakonzekera kunamizira umphawi. Panalibe chonamizira. Ndinakhala pansi pomwepo, kuseka osabwera.

Belu la njinga panja. A Jere analowa atavula chipewa, nakhala pamphasa, maso osayang'ana munthu. Anafunsanso funso lawo lija, mawu ali pansipansi. Apongozi anatembenukira kwa ine. Anayang'ana Rozi ali pamiyendo panga. Kenaka anati, "Amake Rozi, yankhulani inu. Pakamwa panga sipanazolowere."

Ndinanena zonse. Za nkhokwe, za mango, za Gerson mwana wawo yemwe, iwo akumva. Sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Anangokhala chiwongokere, manja pamawondo, misozi ikutsikira m'khosi osaipukuta.

Mkaka tilandira mawa, chimanga Loweruka. Rozi akuti ndipite naye kuchipatala pangolo ya mishoni.

Ndimayesa ndikapambana ndivina. Apongozi alowa kuchipinda dzuwa likadali, sanatuluke. Ndawaphikira tiyi wopanda shuga, ndaima naye pakhomo mpaka wazizira, sindikudziwa ngati ndigogode kapena ayi.