Zimene ndinanama kuti ndataya ndizo zatuluka bwino

Aphungu,

Ndikulemba ndili wosangalala koopsa, koma pali kanthu kakundidya mumtima. Ndimagwira ntchito mu labu yofufuza matenda a mawondo. Kwa miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikulera maselo, tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, m'timbale kuti asanduke chicherewecherewe, chija choterera cha kumapeto kwa fupa. Poyeza ngati zatheka, timadula tizidutswa topyapyala n'kudonthezerapo antibode, mankhwala amene amakakamira pa kolajeni, ulusi wolimbitsa chicherewecherewe. Akampeza, kachidutswako kamasanduka bulauni.

Zanga zinkangotuluka mbee, kasanu konse. Abwana anga, a pulofesa, anati, "Mayi, maselo anuwa akana. Tayani zonse muyambirenso." Atandifunsanso, ndinati ndataya. Bodza lenileni! Ndinazibisa m'dilowa, kuseri kwa mabokosi a magolovesi.

Kenako ndinakatenga bondo la mbuzi ku butchala n'kuliyeza chimodzimodzi. Nalonso mbee! Bondo lenileni lingasowe kolajeni? Apa ndinadziwa kuti maselo anga alibe mlandu. Kolajeniyo amakutidwa ndi zinthu zonanda, ndipo tinkayenera kuyamba tazisungunula kuti antibode amufikire. Nditatero, bondo lija linachita bulauni, zobisa zanga zija nazonso bulauni wokongola. Aphungu, ndinavina ndekha pafupi ndi maikulosikopu, makina athu oonera tinthu ting'onoting'ono!

Koma ndondomeko yoperewera imene tinkatsatira poyezayo analemba ndi a pulofesa omwewo, kalekale, poyezera khungu. Ndikawaonetsa, adziwa kuti ndinawanamiza, ndipo amene amasainira kuti ndipitirize ntchito chaka chamawa ndi iwowo. Ndichite bwanji?

T.N.K., wa mu labu

Mayi T.N.K.,

Choyamba ndikuombereni m'manja. Ena akanalira n'kutaya, inu munakagogoda kwa wa butchala. Kumeneko ndiye kufufuza, ndipo vinaninso kachiwiri, mwakhoza.

Tsopano bwerezani kuyezako katatu. Kachidutswa kamodzi musakathire antibode, kuti mutsimikize kuti bulauniyo sakungodzibwerera. Lembani zonse m'buku lanu, ndi madeti omwe.

Mukatero, pemphani kuonana nawo awiriwiri, osati pamsonkhano. Muyambe ndi mlandu wanu: "Bwana, ndinakuuzani kuti ndataya, koma sindinataye. Pepani." Kenako muwakhazike pa maikulosikopu aone okha, bondo la mbuzi poyamba, zanu pambuyo. Za ndondomeko yawo musachite nazo matama. Ingonenani kuti inali ya khungu, chicherewecherewe chikufuna sitepe ina yoonjezera. Angakwiye tsiku limodzi kapena awiri, koma palibe pulofesa amene amathamangitsa munthu womupulumutsira miyezi isanu ndi iwiri.

Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kupeka nkhani yoti munazipeza mwangozi m'bini. Ntchito yanu imayenda ndi kukhulupirirana. Akakugwirani bodza lachiwiri, ngakhale bulauni weniweniyu adzati munapenta ndinu.